Elifala Asankha Galimoto

"Ubwerezenso, mwina makutu angawa akalamba," anatero mayi ake a Elifala ataima pakhomo pa chigafa cha fodya, manja ali m'chiuno. Mpango wakuda unali udakali kumutu, pakuti mwezi unali utangotha chiikireni amuna awo, a Vinsenti, m'manda.

"Munalipo amayi, munamva."

"Ndinamva, koma ndikufuna zituluke m'kamwa mwako pano popanda anthu. Dzulo unasankha chiyani?"

"Galimoto."

"Iti?"

"Iyi."

"Ndikufunsa iti chifukwa ine ndikuona bafa lofiira lili pa njerwa."

Elifala anayang'ana pansi, chala chachikulu chikukumba dothi. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, mayeso a Fomu 2 anakhoza bwino, ndipo m'mudzi monse mwa kwa Msakambewa makalata a Chingerezi ankabwera kwa iye kuti awerenge. Koma yankho la funso la mayi ake silinali m'buku lililonse.

Chinthucho chinali m'chigafamo, chofiira psuu, chachifupi ngati chagwada, mphuno yaitali, mipando iwiri yokha. Malemu a Vinsenti, omwe anali dalaivala pa esiteti, anachigula kwa mzungu wina amene ankabwerera kwawo. Chinabwera m'mabokosi ochokera ku Joni: chigoba cha pulasitiki yolimba, mipando, nyali, galasi lakutsogolo, chiwongolero, ndi buku lofotokoza mamangidwe ake. Pachikuto cha bukulo panali chithunzi cha galimoto yampikisano ya ku Ulaya, ndipo amene akanamanga bwino akanakhala ndi yofanana nayo ndendende. Zimene munalibe m'mabokosimo ndi injini, matayala, ndi zitsulo zonse zapansi. Zaka ziwiri chinali pa njerwa zinayi, nkhuku zikuikira pampando wa wokwera.

"Bambo ako aang'ono aja ndi fisi wovala jekete," anapitiriza mayiwo, a Lidia. Anakhwimitsa mawu kutsanzira a Yeremiya, mng'ono wa malemuyo. "'Alamu, ife sitilanda ayi. Zolanda zinapita ndi chipani chimodzi. Ino ndi matipate, mwana asankhe yekha. Ngolo ndi ng'ombe zake ziwiri uku, galimoto ya bambo ake uku. Chimene asiye ndicho tipite nacho kwathu.' Anthu m'manja phwaa! Ine mkazi wamasiye, tsiku losudzula sindiyankhula, ndinangoti mumtima: zikomo Ambuye, mwana wanga anapita kusukulu. Amalume ako anakutsinzinira diso mpaka linatuluka misozi. Iwe n'kuimirira, n'kukonza kolala, ati, 'Galimoto.'"

"Ngolo mudzi uno zilipo zinayi, amayi. Galimoto ngati iyi Dowa yense mulibe."

"Dowa yense mulibenso wina wopusa ngati iwe, koma sindinaone munthu akubwera kudzakugula."

"Ndiimaliza. Buku ndinaliwerenga lonse."

"Chimanga chili pa mikukwe kuphiri uko. Ukachiwerengere bukulo, mwina chiyenda chokha kubwera m'nkhokwe." A Lidia anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Ng'ombe zija, Bantomu ndi Kapiteni, ndizo zinkatidyetsa, Elifala. Mabelo a fodya a anthu ankapita kumsewu pa ngolo ija, ndiye sopo, ndiye mchere, ndiye fizi yako. Koma akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere, imufotere yekha m'manja. Nayo nyanga yako."

Atachoka mayi ake, Elifala anakankha nkhuku, n'kukhala pampando wa dalaivala. Panali chinthu chimene sakanauza munthu. Kuyambira kale, m'mawa uliwonse anthu akapita kumunda, iye ankalowa m'chigafamo, kugwira chiwongolero chosalumikizidwa ku chilichonse, n'kumaliza injini ndi milomo. Munthu amene akakumana ndi atsikana panjira ya kuchitsime ankapatukira m'tchire ngati wapanikizika, m'galimotomo ankasanduka wina. Ankatsetsereka msewu wa ku Mvera chigongono chili pawindo, ndipo sankafunikanso kupereka moni kwa aliyense, galimoto inkamuperekera. Pamene a Yeremiya anati "sankha," diso la amalume analiona ndithu. Koma milomo inali itazolowera kale.

Sabata yotsatira anayamba kututa chimanga pamutu. Munda unali kuseri kwa phiri, njira yake yokwera ndi kutsika, ndipo ulendo umene ngolo inkachita kamodzi unkafuna madengu makumi. A Lidia ankapita kasanu patsiku, Elifala katatu, chifukwa khosi la munthu wa sukulu silichedwa kudandaula. Chiswe chinayamba kulowa m'mikukwe. Anthu ena anali atamaliza kale kukolola, ndipo mbuzi zinali pafupi kumasulidwa kuti zizidya mapesi paliponse.

"Adalaivala, mwaiiwala kuti galimoto?" ankafunsa anthu akakumana naye dengu lili pamutu. "Kapena petulo wakwera?"

Iye ankangomwetulira ngati nthabwalayo yamukomera. Tsiku lina anaona mayi ake atatula dengu pakati pa chitunda, atagwira m'chiuno, akupuma ndi pakamwa. Atamuona anasenzanso msanga, osanena kanthu. Kusanenako kunamupweteka kuposa bafa lofiira lija.

Lolemba m'mamawa anatenga buku lija n'kuyenda wapansi kupita ku boma kwa a Andireya, makaniko amene galaja yawo inali pansi pa mtengo wa mthethe, mnzawo wa malemu bambo ake. Anawapeza atagona chagada pansi pa lole, miyendo yokha ili kunja.

"Ndabwera kudzafunsa zotsala kuti galimoto ija iyende," anatero atapereka moni katatu asanamveke.

A Andireya anatuluka, n'kupukuta manja pa ovolosi. "Mwana wa Vinsenti! Pepani ndi zovuta zija. Ukuti zotsala? Mphwanga, funsa zimene zilipo, tithana msanga."

"Buku likuti pakufunika galimoto ina yakale."

"Eya, zija timati chikumbu, za injini kumbuyo. Uyambe wagula imeneyo yathunthu, yoyenda. Kenako uiphe. Uchotse chigoba chake, utaye, utsale ndi zapansi. Zapansizo uzidule pakati ndi moto, uzifupikitse, uwotcherenso, ndipo wowotcherera woti sangakuphetse ali ku Lilongwe. Ndiye matayala, aja otambalala, muno mulibe. Mabuleki atsopano. Mawaya onse. Batire. Ukamaliza upite nayo ku boma akaione ngati ndi galimoto kapena bokosi la maliro, akupatse nambala. Ukundimva?"

"Zonsezo zingakwane zingati?"

"M'makwacha usandifunse, kwacha ya masiku ano imagona ina n'kudzuka ina. Ndikuuze m'chinenero cha kwanu. Ng'ombe zamphongo khumi ndi ziwiri. Zonenepa."

Elifala anatseka buku lija.

"Ndipo ukamaliza," anapitiriza a Andireya, "mimba yake imatalikira pansi chonchi." Anaonetsa ndi chikhatho. "Msewu wa kwanu uja, mwala woyamba ikhala pamenepo ngati nkhuku yofungatira. Bambo ako ndinawauza. Anaseka, ati, 'Andireya, munthu azikhala ndi chinthu chimodzi chopusa.' Koma iwo anali ndi ngolo yowadyetsa. Chopusacho chinali chapambali."

"Nanga nditaigulitsa mmene ililimu?"

"Kwa ndani? Mwina woweta nkhumba, amweremo madzi." Anaseka, kenako anamuyang'anitsitsa. "Koma bwanji banja lanu lonse likundifunsa funso limodzimodzi? Bambo ako aang'ono aja a ku Ntchisi anabwera pompano maliro atangotha. Anakhala pa tayala ilo. Ndinawawerengera chimodzimodzi, ng'ombe khumi ndi ziwiri. Anagwira pakamwa, n'kundigulira fanta."

"Anabwera liti?"

"Sabata imodzi musanagawane katundu, kapena masiku khumi. Bwanji, sanakuuzeni?"

Ulendo wobwerera unatalika kuposa wopita. Elifala ankayenda akudziwerengera maudindo: wokhoza Fomu 2, wowerenga makalata a mudzi wonse, wodziwa likulu la dziko lililonse la mu Afirika. A Yeremiya, munthu amene sanafike Sitandade 4, anayenda mtunda wonsewu kudzafunsa, iye wa sukulu anangokonza kolala. Safunsa anadya phula.

Anapeza mayi ake akusokonola chimanga pakhonde. Anakhala pansi chapatali, n'kufotokoza zonse, mawu akutuluka ngati akuwakoka ndi chingwe.

"Ndiye ankadziwa," anatero a Lidia.

"Ankadziwa."

"Ndipo ankakudziwa iwenso. Pa maliro anakuona ukupukuta chinthucho ndi malaya ako, anthu akulira." Anaponya chitsononkho patali. "Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsono ukuti titani, aphunzitsi?"

"Ndipita ndikawapemphe tisinthane."

"Ukawapemphe! Iwe amene ukafuna mchere kwa aneba umatuma mwana? Akakuuza kuti unavota wekha pamaso pa mboni, ukayankha chiyani?"

"Sindikudziwa."

"Ine kubwalo sindipita. Mlandu ukazengedwa mpaka mvula, chimanga chitadyedwa ndi mbuzi." Anatola chimanga china n'kuyamba kusokonola. "Loweruka lino kwa a Yeremiya kuli msonkhano wa kalabu ya alimi a fodya. Akufuna awasankhe wapampando, aziwasungira anthu mabelo ndi mapepala a ku okushoni. Akonza thobwa migolo iwiri, ndamva kutchalitchi. Katundu wa m'bale wawo tikawatulira pomwepo."

"Tikamunyamula bwanji? Alibe matayala."

"Maliro ali ndi matayala?"

Loweruka kutacha, amayi asanu ndi atatu a Chigwirizano, anzawo a a Lidia a kutchalitchi, anafika atavala mabulauzi oyera ndi mipango yawo. Anachotsa mipando, n'kulowetsa mitengo iwiri ya bulugama pansi pa chigoba chija. Chinali chopepuka kuposa mmene chinkaonekera, ndipo ichi chinamuchititsanso Elifala manyazi ena.

"Nanga adalaivala anyamula chiyani?" anafunsa mayi Margareta, mtsogoleri wawo, mayi wamkulu thupi wa mawu ngati belu.

"Apatseni chiwongolero," anatero a Lidia. "Atsogole. Si ndi amene anasankha?"

Umu ndi mmene Elifala anayendetsera galimoto yake ulendo woyamba. Iye patsogolo wapansi, chiwongolero m'manja, kumbuyo kwake galimoto yampikisano ya ku Ulaya ili pamapewa a amayi, ikukwera mapiri a ku Ntchisi pa liwiro la nyimbo ya maliro. Anthu ankatuluka m'minda. Abambo ena anavula zipewa asanaone bwino chimene chikudutsa. Atsikana a pachitsime, omwe aja ankawathawa, anatula ndowa zawo n'kumuyang'ana yekhayekha, monga momwe ankafunira zaka ziwiri zonse. Panalibe tchire lopatukirako.

Anafika dzuwa lili pamutu. Pabwalo la a Yeremiya panali alimi oposa makumi atatu atakhala pamabenchi, zikho za thobwa zikuyenda. A Yeremiya anali chiimirire, jekete la malemu mkulu wawo lili pathupi, akufotokoza za kukhulupirika. Kukhola kuseri kwa nyumba Elifala anaona ngolo ija, ndi mutu wa Bantomu.

Amayi aja anatula chigobacho pakatikati pa bwalo, n'kumaliza ndime ya nyimbo, n'kukhala pansi mwaulemu.

"Alamu, n'chiyani ichi?" anafunsa a Yeremiya, kumwetulira kukuuma pamilomo. "Bwenzi mutatumiza mawu."

"Ine ndilibe mawu, alamu," anayankha a Lidia. "Ndangoperekeza mwana wanu. Akuti ali ndi nkhani."

Maso onse anatembenukira kwa Elifala. Izi sanapangane. Anayang'ana mayi ake, iwo n'kuyang'ana kumwamba ngati akuona mvula. Anazindikira kuti chiwongolero chija wachikumbatira pachifuwa ngati mwana.

"Bambo," anayamba, mawu n'kuthawa. Munthu wina anaseka. Anayambanso. "Bambo, ine ndabwera kudzanena kuti ndine chitsiru."

"Ameni," anatero mayi Margareta.

"Munandiuza kuti ndisankhe, ndinasankha ichi. Palibe anandikakamiza. Ndinkafuna anthu azindiona." Anapuma. "Lero andiona."

Bwalo linaseka, koma kuseka kwake kunali kofuna kumva zambiri.

"Mwamva nokha," anatero a Yeremiya akutambasula manja. "Mwana anavota yekha. Madzi akatayika saoleka. Kodi tikaluza chisankho tizibwerera kukalira?"

"Sindikulira, bambo. Ndingofunsa chimodzi. Munapita kwa a Andireya makaniko ku boma, katundu asanagawidwe. Anakuuzani kuti kumaliza chinthu ichi n'ng'ombe khumi ndi ziwiri, ndipo ngakhale chitatha sichingayende msewu wa kwathu. Munawagulira fanta. Ine ndinali mwana wa mkulu wanu, bambo anga atangoikidwa kumene. Bwanji simunandiuze?"

Chikho cha thobwa chinaima m'manja mwa munthu.

"Zabodza zimenezo! Makaniko uja ndi chidakwa."

"Tiyeni tikamufunse," anatero mlimi wina wachikulire wa pabenchi lakutsogolo. "Njinga ndili nayo." Anatembenukira kwa anzake. "Anzanga, ine ndimafuna kudziwa. Amene adzasunge mapepala athu a ku okushoni adzakhala akudziwa mitengo ife tisakudziwa. Tsono ngati mwana wa mkulu wake anamuchita chonchi, ine wa mudzi wina adzanditani?"

"Iyi ndi nkhani ya pabanja!" anakuwa a Yeremiya. "Mwambo wathu umati chuma cha mwamuna n'cha kwawo. Ine ndinachita chifundo kumupatsa mwanayu mpata."

"Mwambo sitikuukana," anatero a Lidia mofatsa. "N'chifukwa chake tabweretsa. Ichi ndicho m'bale wanu anagula ndi ndalama zake yekha, osandifunsa n'komwe. N'chanu, landirani. Koma ng'ombe zija zinachokera m'fodya wa m'munda wa amayi anga, ndipo amene ankasoka fodyayo mpaka zala kuchita matuza ndi ine."

A Yeremiya anayang'ana mabenchi. Palibe amene anawayang'ana m'maso. Anayang'ana migolo iwiri ya thobwa, umodzi utatha kale. Kenako anaseka mokweza, kuseka kopanda mano.

"Aaa, alamu, mpaka nyimbo? Ine ng'ombe ndimangosunga! Ndimati mwanayu aphunzirepo kanthu. Tengani ngolo yanu, tengani lero lomwe, anthu aone kuti Yeremiya salanda za amasiye."

Elifala anathamangira kukhola. Bantomu anamuzindikira, n'kumunyambita dzanja. Anayang'ana uku ndi uku.

"Kapiteni ali kuti?"

A Yeremiya anakanda m'mutu. "Ija inali yodwaladwala. Ndinaipereka kwa abutchala a ku Mponela sabata yatha. Ndalama zake zinalowa m'zamaliro, mukudziwa maliro mmene amadyera."

"Maliro tinalipira ife," anatero a Lidia. Ng'ombe yophedwa siibwerera ndi mawu, ndipo anadziwa kuti pamene afikapa ndi pomwe manyazi a a Yeremiya athera. Kapiteni anamulera okha kuyambira ali thole.

"Chinthu chanuchi mutengenso," anatero a Yeremiya akuloza chigoba chija ndi phazi.

"Ayi alamu, mwambo ndi mwambo."

Alimi anathandiza kukankhira ngolo panja, ena akunong'onezana za kusankha munthu wina. Anamanga Bantomu kudzanja lamanja la goli. Mbali inayo inagwa pansi, fumbi kobo. Aliyense wa kumudzi amadziwa kuti goli ndi la ziwiri: ng'ombe imodzi ikakoka yokha, ngolo imangozungulira pamalo amodzi.

"Tibwereke ng'ombe kwa ndani kuno?" anafunsa mayi Margareta.

"Kubwereka chifukwa chiyani?" anayankha a Lidia. "Inayo ilipo. Inafika mpaka Fomu 2."

Elifala anatula chiwongolero pamphuno ya galimoto ija. Anavula malaya, kuwapinda ngati nkhata, n'kuika paphewa. Anawerama n'kunyamula mbali yotsala ya goli. Linali lolemera kuposa dengu lililonse, ndipo Bantomu anamuyang'ana cham'mbali ngati akufunsa kuti mnzake watsopanoyu ntchito amaidziwa.

"Ukafika sutula," anatero mayi ake. "Chimanga chikudikira kumunda, mbuzi azimasula Lachitatu."

"Ndamva, amayi."

"Potsetsereka usathamange. Izi zilibe mabuleki."

A Lidia anatola kamtengo pansi, n'kugunda Bantomu pang'ono pamsana. Kenako anaima kaye, n'kuyang'ana mwana wawo ali m'goli, thukuta litayamba kale kutsika asanayende n'komwe. Anachotsa mpango wakuda kumutu kwawo, kuupinda kanayi, n'kuulowetsa pakati pa mtengo ndi phewa lake.

"Tiyeni nonse awiri," anatero.

Ngolo inagwedezeka, n'kuyamba kuyenda.